Foni Yodziwa Nkhope ya Christine

Ku Tembwe, mlendo akafunsa za mpunga wabwino, anthu ankamulozera kunyumba ya Amai Peggy Goma. Anakulira m'dambo, matope ali m'mawondo, akuingitsa mbalame usana wonse mpaka mawu kusasa. Mbewu yawo analandira kwa amayi awo. Mpungawo ukakhala pamoto, fungo lake linkaimitsa ngakhale wodutsa panjinga. Amalonda a ku Lundazi ankangotapa pang'ono m'thumba, kununkhiza, basi malonda atheka.

Pamene mlongo wawo Jackson anakwatira Christine, mtsikana wa ku Kambombo wodziwa chimanga chokha, Amai Peggy ndi amene anamutapira mbewu m'lichero. Kwathu kuno mlamu samanidwa mbewu. Anamuphunzitsa kuwokera, kupuntha, ndi kuyanika mpunga padzuwa lowotcha mpaka ulire pansi pa dzino.

Kenaka kunabwera kampani yogula mpunga wotumiza kunja kwa dziko, ndipo ogula akewo sanafikepo ku Tembwe. Gulu la alimi linapatsidwa foni. Mlimi aliyense ankapititsa mpunga pang'ono kuchigayo, kuuthira m'mbale, kuujambula. M'foniyo munali nzeru za makina zimene zinaphunzira poona zithunzi za mpunga wa m'mayiko ambiri. Zinkaona njere zosweka ndi kunena thumba loyenera kukwera lole. Foni anasungitsa Christine, poti ndiye anali ndi maso akuthwa powerenga.

Chaka choyamba mpunga wa Christine unakwera lole. Wa Amai Peggy unatsala, akuti wosweka kwambiri.

"Amlamu, foni ikuti dzuwa lathu ili likapitirira limang'amba njere," anatero Christine. "Ine manje ndimayanika pamthunzi."

"Foniyo inayamba yalimapo?" Amai Peggy anafunsa. "Ili ndi mphuno?"

Chilimwe chonse mtima unawawawa. Christine anafolera nyumba ndi malata, ndipo kunyezimira kwake kunkafika pakhonde pa Amai Peggy. Kutchalitchi azimayi anayamba kunena kuti "mpunga wa Christine". Wa Christine! Mbewu imene inatuluka m'lichero lawo!

Tsiku lina Amai Peggy anaona chinthu. Foniyo inkatseguka pokhapokha ikaona nkhope ya Christine. Wina akaiyang'ana, inkangoti zii. Amai Peggy anagwedeza mutu. Chinthu chodziwa nkhope ya munthu chingalephere bwanji kukondera mwini wake? Ngakhale mutaika mchenga m'mbale ya Christine, chidzayamikira.

Chaka chotsatira, pa tsiku loyesa mpunga, Eugene, mtumiki wa kampani, anabwera ndi lole. Mbale zinandandalikidwa pansi pa mtengo wa mango. Anthu ali pakati popatsana moni, Amai Peggy anakhuthulira mpunga wa Christine m'chitenje chawo, n'kuthira wawo m'mbale ya mlamuyo. Anakhala pamphasa, kudikira kuti foni iyamikire, iwo aimirire ndi kuichititsa manyazi pamaso pa Tembwe yense.

Christine anajambula mbale yake. Anayang'ana foni, nkhope inagwa.

"Wosweka," anatero Eugene. "Pepani, amake Irene, matumba anu sakwera."

"Ndiloleni ndijambulenso, abambo," Christine anapempha. "Ndinayanika pamthunzi. Irene akudikira ulendo wa kusukulu ndi mpunga umenewu."

"Foni ilibe mlamu, mayi. Wotsatira!"

Amai Peggy anamva kukoma pang'ono, monga munthu wokanda chilonda. Anaona anyamata akutsitsa matumba a Christine amene anali atakwezedwa kale podalira za chaka chatha. Akanangokhala chete, malata aja akanaleka kuwathobwa m'maso. Koma Irene anali mwana wa mlongo wawo, amene iwo anamubereka kumbuyo ali khanda.

"Iwe Eugene, taima," anatero, akudzuka movutikira. Anamasula chitenje, n'kukhuthulira mpunga m'mbale ina. "Wa mlamu wanga ndi uwu. Umene mwajambulawo ndi wanga."

Kenaka mayi wina anaphulika kuseka.

"Amlamu, mwandichita chiyani?" Christine anafunsa.

"Ndimafuna kuona ngati kachinthu kako kamakondera."

"Manje mwaona?"

"Ndaona kuti kalibe ulemu kwa aliyense. Jambula, usandiyang'ane."

Foni inavomera, matumba anakweranso. Amai Peggy anayandikira Eugene n'kumugwira dzanja la malaya.

"Ukawauze anthu akunjawo kuti akamva fungo, adziwe kuti mbewuyo ndi ya Peggy Goma."

"Amai, ine sindionana nawo. Zonse zimapita pafoni."

"Ndiye uza foniyo."

Lole inanyamuka, fumbi n'kutsalira pa matumba a Amai Peggy. Mpunga wawo anagulitsa kwa amalonda a ku Lundazi monga kale, ndipo Christine anatha mwezi osawapatsa moni.

Chaka chino, nditadutsa pakhomo pa Amai Peggy nthawi yokolola, ndinapeza mphasa za mpunga zili pansi pa mtengo wa mango. Ndisanafunse n'komwe, anandiuza kuti msana wawo masiku ano sugwirizana ndi dzuwa. Maso awo anali pa malata a Christine.