Galimoto ya m'dzina langa

Galimoto ija sindinaiyendetsepo ngakhale tsiku limodzi, koma pa bulubuku panali dzina langa. Kuno pepala la umwini wa galimoto amalitchula mwina, ife tinkangoti bulubuku ngati kwathu. Mwini wake weniweni anali bambo wina wa kutchalitchi kwathu ku Bolton, amene ndinkawaitana kuti achimwene chifukwa tonse ndife a ku Ntcheu. Mapepala awo okhalira m'dziko muno anali atatha kalekale. Anga anali bwino. Ndinali namwino, ndipo ndinkadikira yankho la pempho langa loti ine ndi mwana wanga tikhazikike kuno.

Anabwera Lamulungu lina titaweruka kumapemphero, chipewa chili m'manja. "Achemwali, ndapeza kagalimoto kopitira kuntchito. Tangondibwerekani dzina." Kubwereka dzina, ngati mchere! Koma munthu wakwanu, wa ana awiri, ungamuyankhe chiyani? Ndinasaina. Inshulansi nayo inalowa m'dzina langa. Unali uchitsiru, ndipo ndinkadziwa ndithu cholembera chili m'manja.

Chaka chinatha popanda vuto. Kenaka kunabwera kalata ya apolisi. Inati galimoto yanga inagunda munthu wapanjinga m'mawa wina ndipo siinaime. Munthuyo anathyoka mwendo. Ankafuna ndilembe pa fomu dzina la amene ankayendetsa, ndipo anachenjeza kuti kukana kapena kunama ndi mlandu.

Ndinawaimbira foni achimwene aja mwaukali. Anafika, nakana mpando, n'kukhala pansi.

"Ndinachita mantha, achemwali. Ndikanaima akanandifunsa mapepala."

"Ndiye munangomusiya munthu pamsewu ngati galu?"

Anaweramitsa mutu. Kenaka anati, "Mungolemba kuti munali inuyo. Inu sangakuthamangitseni."

Aaa! Namwino wogunda munthu n'kuthawa, ndani angamusunge pantchito? Ntchito ikanatha, pempho langa likanathera pomwepo. Koma kulemba dzina lawo kunali kuwakweza ndege ndi manja anga.

Mawa lake kunabwera akuluakulu awiri a mpingo. Anayamba ndi pemphero lalitali, kenaka anati Amalawi tisamaperekane kuchilendo. Mmodzi anati ndinene kuti galimoto ndinagulitsa kwa munthu wosamudziwa. Ndinamukumbutsa kuti wogulitsa amatumiza kuboma gawo lake la bulubuku, ndipo langa linali m'dirowa lathunthu. Ndinawafunsanso kuti pa tsiku lobwereka dzina lija iwo anali kuti, popeza mayina ali nawo. Anamwa tiyi wanga n'kumapita.

Fomu inakhala pamwamba pa firiji masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinaitenga kuntchito, ndipo nthawi ya nkhomaliro ndinadzitsekera m'chipinda chosungira nsalu zoyala. Ndinalemba dzina lawo lonse, ndi nambala ya nyumba yawo, nyumba yomwe ndinkadyako Khirisimasi. Ndinalira, inde, koma ndinalemba mooneka bwino.

Apolisi anakawatenga kuntchito kwawo. Patapita miyezi tinamva kuti awatumiza kumudzi. Kutchalitchi benchi yanga inayamba kukhala ndi malo ambiri. Apolisi atathana nayo galimoto anaibweza kwa mwini wake, kutanthauza ine, ndipo inangokhala pakhomo panga, yophwanyika nyali imodzi.

Loweruka lina masana anagogoda akazi awo a achimwene aja. Anakana kulowa.

"Alamu, ndimafuna ndimve kwa inu. Munalemba nokha?"

"Ndinalemba ndekha."

Anagwedeza mutu. "Ndangobwerera mpando wa mwana."

Ndinatsegula galimoto. Analimbana ndi malamba okha, osafuna thandizo langa, mpaka mpando unatuluka. Ndinati ndiwaperekeze, anati ayi zikomo. Anausenza pamutu n'kulunjika kokwerera basi, mvula ikuwaza. Ndinaima pakhomo mpaka anakhota. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti fomu ija itabweranso, ndingalembenso dzina lomwelo.