Kasikuluwu Kamene Apongozi Ankandimangira

Njinga yamoto ija ndinaitenga itafa kale. Inakhala zaka kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi wina wopuma ku Jumbe, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Sindinaifunire matama ayi. Mkazi wanga anali ndi pakati poyamba, tikukhala kwawo ku Malama, ndipo chipatala chili kutali, njira yake yodutsa m'tchire la njovu. Ndinkafuna kuti tsiku lake likadzafika ndidzangomukweza.

Zina zonse zinandimvera: matayala, tcheni, pulagi. Kabuleta yekha, wosakaniza petulo ndi mpweya, ndiye anandizunguza mutu. Ndinamumasula, kumutsuka ndi petulo, kupopa majeti ndi pampu, kuwongola fuloti yomwe inkasefukitsa mafuta. Pomaliza ndinatchuna kasikuluwu ka mpweya. Kameneka sikamangidwa mpaka kumapeto. Umakafikitsa mofatsa, kenako n'kumakabweza pang'onopang'ono mpaka injini ilire bwino. Inaliradi, mkazi wanga mpaka analuluta.

Mawa lake pochokera kumunda ndinaponda kiki, njinga n'kumangotsokomola, utsi wakuda tolo, pulagi bii ngati kunsi kwa mphika. Kasikuluwu ndinakapeza komangika. Ndinati mwina ndine ndinaiwala, ndinatchunanso. Tsiku linalo chimodzimodzi. Ndinafika pokalalatira ogulitsa petulo wa m'mabotolo kuti andithirira palafini, anthu osalakwa.

Tsiku lina khasu linaguluka ndipo ndinabwerako msanga. Ndinapeza apongozi anga aamuna atanyonyomala pa njinga, akupotokola kasikuluwu kaja ndi nsonga ya mpeni, lilime lili kunja. Atandiona sanachite ndi manyazi omwe.

"Mwaswera bwanji akamwini? Inu mumasiya zomangira zili gwedegwede. Daily ndimakumangirani ine. Mudzandigwetsera mwana."

Mtima unandipsa. Koma mkamwini sakwezera mawu apongozi pabwalo pawo. Ndinagwada chapatali n'kuwomba m'manja, mano ndikukukuta. Madzulo ndinatuma mkazi wanga kuti akawafotokozere bwinobwino. Anabwerako ndi yankho lakuti iwo anayamba kumanga ngolo ndi mapulawo ine ndisanabadwe, ndipo chomangira chogwedera sanachionepo chikuthandiza munthu. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dambo limeneli linkazimitsa njinga yanga tsiku ndi tsiku!

Ndinayamba kuitsekera m'nyumba. Apongozi aakazi anadandaula kwa abale onse kuti ndikuwayesa akuba, mpaka ndinaitulutsanso. Sipanapite nthawi, madalawo anakhwimitsa ndi mphamvu zawo zonse, nsonga ya kasikuluwu n'kuthyokera m'kati, m'kabowo kochepa ngati ka singano. Ndinayesa kutokosa ndi waya, ndinayesa kutenthetsa, sizinatheke. Ndinatumiza kabuletayo ku Chipata, amakanika anangopukusa mitu. Zipangizo za njinga zakale chonchi zinasiya kupezeka.

Matenda anamuyamba mkazi wanga masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ndinamukhazika pa njinga yakapalasa n'kumakankha, amayi ake akumugwirira pambali. Sitinafike. Anachirira m'mbali mwa njira, patsinde pa mtengo wa tsanya, amayi a mudzi wapafupi atamuzinga ndi zitenje. Ine ndinali chiimire patali, maso ali kutchire, ndikumva kubuula kwake popanda chochita. Mwana anabadwa wamoyo. Mkazi wanga anataya magazi ambiri, tinachita kumunyamula pa ngolo kukafika naye kuchipatala.

Apongozi aamuna anabwera kudzazonda atavala jekete lawo lakutchalitchi. Anasuzumira mdzukulu, anamwetulira, kenako anatembenukira kwa anamwino.

"Mkamwini wangayu ndi munthu wabwino, koma za makina sizimuyanja. Akanandisiyira ine njinga ija, mwana wangayu sakanaberekera m'tchire."

Anamwino anandiyang'ana mondimvera chisoni. Ndinatsegula pakamwa, zonse zili pamlomo. Pamenepo mkazi wanga, ali gone pabedi, botolo la madzi lili pamkono, anandigwira chala n'kupukusa mutu pang'ono.

"Zoona, bambo," ndinatero.