Galu amene ndinam'goneka m'bwato

Galu wathu uja sankadziwa kutsika mwaulemu. Kaya ndi m'boti, kaya pakhonde, kaya pathandala loyanikira usipa pomwe ndinkamupirikitsa ndi chikuni, iye kwake kunali kudumpha basi. Anali wa miyendo ifupiifupi, msana wautali, ndipo mwini wake anali amuna anga. Ine ndinkangoti chigalu chanucho.

Tsiku lina m'mawa, amuna anga ali kuchilumba cha Mbenji komwe asodzi amakhala nthawi yaitali ndipo akazife sitipondako, ndinamupeza pansi pa thandala atakhotetsa msana, akunjenjemera. Miyendo yakumbuyo ankangoikoka. Anzanga ogulitsa nsomba anati ndi chiwewe, ndikamutaye kutali. Ndinawayankha kuti wachiwewe sagwedezera munthu mchira, ndi zinanso zomwe sindingalembe pano.

Kwathu kuno msodzi akabwera msana ukuwawa chifukwa chokoka ukonde, timamuthowa ndi madzi otentha, kenako amagona chafufumimba wina n'kumuponda mpaka mafupa alire. Ndinachita zomwezo. Ndinamuthowa galuyo, n'kumudinikiza msana ndi zikhatho, n'kumukoka miyendo. Analira ngati mwana, ine n'kumati ndiye kuti zikugwira ntchito.

Tsiku lachitatu ndinamuika m'dengu n'kukwera naye kabaza kupita ku boma, kwa adokotala a ziweto. Adokotalawo anamupapasa fupa ndi fupa mpaka anafika pomwe galuyo anakuwa. Kenako anamutsina chala cha mwendo wakumbuyo ndi kachitsulo, galu n'kutembenuka kufuna kuluma.

"Akumva ululu, mayi, ndiye chiyembekezo chilipo," anatero.

Anandifotokozera kuti pakati pa mafupa a msana pamakhala timitsamiro tofewa, ndipo kamodzi kanaphulika n'kupanikiza mtsempha waukulu wopita kumiyendo. Nditawauza za kuthowa kuja anangogwira pakamwa. Opaleshoni inali nkhani ya ku Lilongwe. Anandipatsa mapiritsi ochepetsa ululu ndi kutupa, n'kunena kuti mankhwala enieni ndi kumutsekera pamalo pothina milungu isanu ndi umodzi, osathamanga, osadumpha ngakhale kamodzi.

Khola tinalibe. Ndinamugoneka m'bwato lakale long'aluka lomwe linali kuseri kwa nyumba, pansi masaka, pamwamba ukonde womanga ndi zingwe. Kanayi pa tsiku ndinkamutulutsa nditamukoleka chitenje pamimba kuti akadzithandize. Ndinkamuphikira utaka, ine amene kale ndinkamumana ndi mitu yomwe. Anthu ankaseka kuti ndapeza mwana wa kuukalamba. Aseke. Mlungu wachitatu anaimirira yekha, miyendo ikugwedezeka. Wachinayi anayenda kuchoka pabwato kukafika pamtengo wa papaya. Ndinali nditayamba kumukonda galuyo, ndipo inenso ndinadabwa nazo.

Mlungu womwewo boti la amuna anga linabwera. Galu anaidziwa injini ikadali kutali, n'kuyamba kulira ndi kukanda bwato. Mtima unandiwawa. Ndinati mbuye wake wabwera, amuone chabe, ndipo ndinamasula ukonde mbali imodzi kuti atulutse mutu. Nditatembenuka kuti ndilandire katundu, ndinamva kuti phu kumbuyo kwanga. Anali atadumpha. Anakafika pamapazi a mbuye wake akukwawa ndi miyendo yakutsogolo yokha, mchira ukukokeka pansi.

Amuna anga anagwada n'kumugwira mutu. "Mayi a ana, galu wangayu watani?"

Ndinangomunyamula galuyo n'kukamugonekanso m'bwato muja.

Mawa lake adokotala anamutsinanso chala chija mwamphamvu ndithu. Galu sanatembenuke, ankangonyambita dzanja langa. Adokotalawo sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira.

Galuyo anakhala nafe mpaka mvula yoyamba, akudzikoka pamchenga, ine n'kumamutsuka zilonda za m'ntchafu m'mawa uliwonse. Atafa tinamuika kumunda. Papita zaka, agalu ena abwera pakhomo pano, abwinobwino ndithu, koma ine ndimamusowa ameneyo, ndimamusowa kwambiri. Panali patangotsala milungu iwiri yokha kuti atuluke m'bwato muja, koma ine ndinalephera kupirira kulira kwake kwa kanthawi kochepa.