Munda wa Mlongo Wanga Wopanda Mtengo

Amene amanena kuti ndinalanda munda wa mlongo wanga pa nthawi ya nkhondo amalakwitsa. Ambiri a iwo sanali ku Tsangano masiku amenewo. Anali ku Malawi, pa mzere wolandira ufa. Ine ndinatsala, ndipo ndikulemba kuti nkhaniyi iwongoke.

Mlongo wanga anathawa atabereka mwana wake wamkazi tsiku lomwe mudzi wathu unatenthedwa. Munda umene anausiya, wa m'mphepete mwa dambo, unali wa malemu amayi, choncho mwa mwambo unali wake, osati wanga. Ku sekundariya, pulofesoli wina anatiphunzitsa lamulo la Apwitikizi lakuti wolima malo poyera kwa zaka zambiri, mwini ali chete, amasanduka mwini. Anzanga analiiwala; ine ayi. Anthu othawa kuchokera ku Macanga atayamba kulima minda yosiyidwa, ndinaoneratu mapeto ake. Ndinalowa m'munda wa mlongo wanga ndi khasu iwo asanafikemo.

Tinkabisala kuphiri. Ndinkatsika dzuwa litakwera, ndikuponda pomwe ndinaponda dzulo lake poopa mabomba okwirira. Munda wa mkazi wanga unali m'mbali mwa msewu, kosafikika, motero moyo wathu wonse unadalira wa kudambowo. Chimanga chikakhwima asilikali ankathyola, mbatata ya kachewere ankakumba. Chaka china tinadya masamba okhaokha opanda mchere, ndipo mwana wathu wotsiriza tinamuika m'manda asanayambe kuyenda.

Chaka chomwecho mkazi wanga anabwera ndi mbande za mapichesi m'dengu.

"Bambo a ana, dzalani izi," anatero. "Msilikali sanganyamule mtengo. Uzibereka chaka ndi chaka ife tili kuphiri."

"Mundawu si wathu," ndinayankha. "Mukudziwa bwino kuti kuno wodzala mtengo m'munda walengeza kuti wautenga."

"Mlongo wanuyo mwina anafa kalekale. Ndiye anawa adye esikola yanuyo, maphunziro anuwo?"

Mbandezo zinaumira m'dengu momwemo, ndipo kwa mwezi wathunthu mkazi wanga sanandilankhule. Bambo wa ku Macanga amene analima munda woyandikana nawo anadzala mapichesi mzere wonse, ana ake n'kumadya anga akuyang'ana. Masiku ena ndinkaima pa mzere ndi khasu m'manja, osadziwa ngati ndikusungira wamoyo kapena wakufa.

Mfuti zitaleka, mlongo wanga sanabwere. Anatsalira ku msasa wa othawa, n'kuikidwa komweko. Amene anabwera anali mwana wake uja, ali mtsikana wamkulu. Mabodza anali atamufika kale. Anandipeza kumunda, anthu akumutsatira, ndipo sanandipatse moni.

"Amalume, akuti mwadya munda wa amayi."

"Uyende nawo wonse, mwana wa mlongo wanga," ndinatero. "Ukapezamo mtengo umodzi wodzala ine, undilavulire pamaso pa onsewa."

Anayenda kuchokera kudambo mpaka kuchulu, n'kubwerera m'malire. Kutsidya kwa malirewo mapichesi anali atachita maluwa, ndipo mwini wakale wa mundawo, amenenso anali atangobwera, anaima kunja kwake ngati mlendo, osaloledwa kulowa. Mtsikanayo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana mizere yanga ya chimanga, yopanda mthunzi ndi umodzi womwe.

Anabwera n'kugwada. Ndinamupatsa khasu. Mkazi wanga, amene anaima kumbuyo kwa anthu, anatembenuka n'kupita kumanda a mwana wathu.