Pegi ya Apongozi pa Damu

Ine ndine wa ku Dedza, ndipo pakamwa panga sipachedwa kutseguka. Koma nditakwatiwa ku Mzimba ndinatha miyezi isanu osalankhula ndi apongozi anga aamuna, ngakhale moni weniweniyu. Mwambo wa kwawo ndi umenewo: mkamwana sakhala nawo pafupi, sawayang'ana kumaso, akakumana nawo panjira amapatuka n'kugwada, mpaka iwo atamupatsa kanthu komutsegula pakamwa. Anzanga ankalandira nkhuku mwezi woyamba womwe. Ine zii. Zinkandipweteka, chifukwa ndinkaganiza kuti sakundifuna.

Tsiku lina iwo ndi apongozi aakazi anabwera kwathu pa Boma kuchokera ku Manyamula. Amuna anga anati tikawaonetse munda wa maluwa wa boma umene uli m'mbali mwa damu.

Amene anakonza mundawo sanakhalepo mkamwana wa munthu. Tinjira take n'topapatiza, tokhotakhota pakati pa zitsamba zometa. Ndikati ndikhote apa, apongozi awo, ine pansi. Ndikathawira uko, atulukiranso komweko. Ndinagwada kasanu ndi kawiri, kamodzi pa maluwa aminga. Apongozi aakazi sanaone n'komwe, anali kalikiliki kufinya dothi m'manja, akudandaula kuti manyowa onsewa akuthera zinthu zosadya.

Kudamu kunali timabwato topalasa ndi miyendo ngati njinga. Apongozi aamuna akhala pa njinga moyo wawo wonse, moti pegi yoyanikira zovala sichoka pa mwendo wa buluku lawo, kuopa tcheni. Ataona zopondera zija, maso anawala. Wobwereketsa mabwato anati pamafunika anthu awiri. Amuna anga, amene amaopa madzi ngakhale a m'beseni, anawerama n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato zomangamanga kale. Apongozi aakazi anati iwo sanabwere kudzafa. Onse anayang'ana ine.

Ndinakwera, chitenje kumutu, nkhope nditalozetsa kumbali. Apongozi anapalasa ngati akuthamangira msika wa ku Jenda. Kandodo kowongolera kanali pakati pathu, pafupi ndi bondo lawo. Iwo sankadziwa ntchito yake, ine sindikanatambasulira dzanja kumeneko. Tinazungulira malo amodzi katatu, kenako bwato linalowa m'bango n'kukakamira m'matope, kutali ndi anthu.

Pafupi ndi ife pankasambira bakha. Ndinamuyang'ana, ndinatsokomola.

“Bakha iwe,” ndinatero, “ukawauze adada kuti apalase chobwerera m'mbuyo, akankhire kandodoko kumanja.”

Kenako apongozi, nawonso maso pa bakha yemweyo, anati, “Iwe bakha, umufunse mkamwana: kumanja kwa ndani? Kwake, panji kwanga?”

Tinakambirana choncho kwa kanthawi, ndipo bwato linayamba kusuntha pang'ono. Basi bakha uja anatopa nafe, anamira, n'kukatulukira kutsidya. Tinatsala opanda mkhalapakati, bwato likadali m'matope.

Ndinamva apongozi akupisa m'matumba a buluku. Munalibe kanthu, jekete anali atasiya kumtunda. Anapumira m'mwamba, anawerama, anachotsa pegi ija pamwendo n'kuiika pakati pathu.

“Mbwenu landirani, mama. Lankhulani, tingagone muno.”

Ndinafuna kugwada, bwato linapendekeka, ndinangowomba m'manja. “Yewo chomene, adada.”

Apa ndiye anaona zoona. Mawu a miyezi isanu anatuluka onse: kandodo, minga ya m'maondo, mantha a mwana wawo pa madzi. Anaseka mpaka kuleka kupalasa. Tili pakati pa damu ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati ndinawalakwira kanthu.

Anati ayi. Nkhuku yoyamba imene anandisungira inatengedwa ndi kabawi, yachiwiri inafa ndi chitopa, yachitatu ankadikira kuti inenepe. “Mwana wochokera kutali sapatsidwa nkhuku yowonda,” anatero. “Kwanu angati munagwera pa anthu a njala.”

Ndinabwezera chitenje kumaso, ulendo uno osati chifukwa cha mwambo.

Nkhukuyo inabweradi, yonenepa mpaka yolephera kuthamanga, ndipo tinaidya tsiku lomwelo. Pegi ndikadali nayo m'chikwama cha makalata a ukwati, ndipo sindinayanikirepo kanthu.