Bokosi Losalowa Mpweya

Ndikukumbukira, ndinali ndi zaka khumi pamene bambo anga anatisiya. Ankagwira ntchito yaulonda ku Isando, ku Joni, ndipo tinkakhala m'kachipinda kakuseri ku Primrose. Abale anagwirizana kuti maliro apite kumudzi, ku Ntcheu. Mayi anali oyembekezera, motero ine ndi azakhali ndi amene tinayenera kuperekeza.

Kwa okonza maliro ku Boksburg, bambo wina wovala tayi anatipatsa pepala. Azakhali anandikankhira kuti ndiwerenge, poti ndinkachita matama ndi Chingerezi changa. Ndinawerenga bwinobwino mpaka ndinakakamira pa mawu awiri: hermetically sealed. Matama onse anathera pomwepo.

Bamboyo anafotokoza kuti m'kati mwa bokosi lathabwa muli lina lachitsulo. Akalimata, mpweya sulowa kapena kutuluka, ndipo popanda kutero maliro sangadutse malire. Kumudzi silikatsegulidwanso.

Azakhali anagwira pakamwa. "Ndiye amayi kumudziko sakaona nkhope?"

Anandikokera pafupi ndi bokosilo, ine n'kukana.

"Tiyamike, yang'ana," anatero. "Ine ndikakanena, agogo ako akati ndikungowatonthoza. Koma mwana akakukhulupirira. Yang'anitsitsa, sudzawaonanso."

Ndinayang'ana, ndipo mantha anandithawa. Sindinaonepo munthu ali phee chotero. Kenaka okonza maliro aja anatsitsa chivundikiro n'kuyamba kumata m'mbali monse pang'onopang'ono, fungo lachitsulo chotentha lili ponseponse. Ndinachita kakasi poganiza kuti mpweya wa ku Joni umene watsekeredwamo upita nawo m'manda.

Titafika kumudzi, agogo anapapasa bokosilo mbali zonse kufuna potsegulira. Anakanitsitsa kuti saika munthu amene sanamuone. Adzukulu okumba manda anadikira, dzuwa n'kumapendeka. Pamenepo azakhali ananditengera kwa iwo.

"Unamuona iwe?"

"Ndinawaona, agogo. Anali ngati agona ataweruka kuntchito."

"Pachibwano pake?"

"Pali chipsera, chokhota chonchi."

Agogo anatseka maso. "Anagwa mumtengo wamango ameneyo," anatero motsitsa mawu. "Kamuikeni mwana wanga."

Kwa zaka zambiri ndinawasungira chakukhosi azakhali, ndinkati anandichita nkhanza. Lero ndine mayi, ndipo ndimamvetsa. Ndikanatseka maso tsiku lija ku Boksburg, agogo akanalira bokosi lachitsulo, osadziwa mpaka imfa yawo ngati munalidi mwana wawo.