Mayi Eneles pa Sikelo ya Nandolo

Aliyense wotsika minibasi pa Nkando amawadziwa mayi Eneles, ngakhale asadziwe dzina lawo. Ndi aja amakhala pa kampando kafupi m'mphepete mwa msewu, beseni la mandasi patsogolo, foloko m'manja. Akhala pamenepo zaka zambiri, moti makondakitala akamalondolera mlendo amangoti, "Mutsikire pa amayi onenepa aja."

Sanabadwe onenepa. Ali mtsikana ankathyola tiyi ku esiteti, ndipo dengu la kumsana linkaoneka lalikulu kuposa mwini wake. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi a Yakobo, amene ankakonza mathirakitala, ndipo a Yakobowo anabwera kudzamanga pamudzi pa akazi awo monga achitira amuna a kuno. Thupi linabwera ndi mwana woyamba, Millie, osabwereranso. Palibe ankaliona ngati vuto. Ku tchalitchi azimayi ankawagwira mkono n'kumati, "Koma a Yakobo amadziwa kusunga mkazi."

Atabadwa mwana womaliza, pamchombo panatuluka kachotupa kofewa. Akagona chagada kankalowa, akanyamula ndowa kankatuluka. Kanakula mwakachetechete mpaka kufanana ndi peyala lalikulu. M'mawa uliwonse asanadzuke chotupacho ankachikankhira mkati ndi chikhatho, n'kumanga mpango pamimba mothina, n'kupita kukakoleza moto wa mandasi. Anachita zimenezi mpaka zinangokhala ngati kusamba m'maso.

Tsiku lina m'nyengo yozizira chotupa chinakana kulowa. Anasanza, thukuta lili kamukamu, ndipo a Yakobo anawatengera kuchipatala. Dokotala anachibweza movutikira, kenaka anakhala pansi n'kuwayang'ana.

"Amayi, awa ndi matumbo, akutulukira pa kabowo. Lero abwerera. Tsiku lina adzakanirira kunja, ndipo ikadzatero idzakhala nkhani ya moyo. Pafunika kusoka. Koma ndi thupi ili tikasoka padzang'ambikanso, komanso magazi anu akuthamanga. Madokotala a opaleshoni abwera mvula isanayambe. Mukachotsa makilogalamu khumi, mudzalowa nawo. Mukapanda kutero, sadzakugwirani."

Mayi Eneles anangoti, "Ndamva." Anayang'ana nambala imene inaoneka pa sikelo ya chipatala, n'kuisunga m'mutu.

Anayamba mawa lake lomwe. Tiyi wopanda shuga. Nsima mtanda umodzi, ndiwo zamasamba zongowiritsa, zopanda mafuta, zopanda nsinjiro. Mandasi ankakazinga ndithu, poti ndiyo ntchito yawo, koma ngakhale kachidutswa kotsalira mu chiwaya ankaponyera nkhuku. Sanadandaule. Njala yake sinali yopweteka monga ankayembekezera. Inkangochititsa kuti zinthu zizioneka ngati zili patali. Munthu ankatha kuwalankhula, iwo n'kumaona milomo ikugwedera, mawu n'kufika pambuyo pake. Ankakhala pa kampando kaja tsiku lonse, fungo la mandasi awo omwe lili m'mphuno, akuyang'ana phiri la Mulanje likusowa m'mitambo n'kuonekeranso.

Za opaleshoni sanauze munthu kupatula amuna awo. Zinthu zotere sizilengezedwa zisanachitike, monga mmene mimba kapena ulendo wautali sulengezedwera. Choncho anthu anaona zimene anaona: mayi amene kale sankakana thobwa, tsopano akubweza chikho. Mng'ono wawo Maureen anabwera madzulo ena, n'kukhala pakhonde nthawi yaitali akutola timiyala mu mpunga umene unalibe miyala.

"Achemwali, mwayezetsa?"

"Kuyezetsa chiyani?"

"Musandifunse ngati mwana. Masiku ano mankhwala alipo, anthu akukhala."

"Sindikudwala zimenezo, Maureen."

"Nanga alamu akukumanani? Ndiuzeni, ndiwafunse ine."

"Palibe akundimana."

Maureen anapita osakhutira. Mayi Eneles sanamve mkwiyo kapena manyazi. Anangotsala pakhondepo mpaka udzudzu unayamba.

Chovuta chinali kudziwa ngati thupi likutsikadi. Kuchipatala n'kutali ndithu, ndipo kupita kukangoponda sikelo kunali kutaya tsiku lathunthu la malonda. Koma inali nyengo ya nandolo, ndipo pafupi ndi kampando kawo panali shedi ya Pilato, venda wogula mbewu kwa alimi. Pakhomo pa shediyo panali sikelo yapansi yoyezera matumba. Mayi Eneles ankaidziwa bwino sikelo imeneyi. Chaka ndi chaka ankabweretsa nandolo wa m'munda mwawo, ndipo chaka ndi chaka ankachoka akuitukwana kuti ili ndi mano.

M'mawa wina anasiya beseni ndi mnzawo wogulitsa nthochi, n'kuyenda pang'onopang'ono kupita pa shedi. Alimi anali kale pamzere, atakhalira matumba awo.

"Pilato, mwanawe, sikelo yakoyi imayeza munthu?"

"Masteni, imayeza chilichonse chimene Mulungu analenga. Koma inuyo sindigula, lole yanga ingaphulike matayala."

Alimi anaseka. Mayi Eneles anavula patapata, n'kukwera. Sikelo inaonetsa kuti makilogalamu asanu apita.

Pilato anayang'ana nambalayo, n'kuyang'ana mayiwo. Anatsegula pakamwa, kenaka maso ake anapita kwa alimi ali pamzere aja.

"Zikuyenda, masteni," anatero. "Tsikani, anthu akudikira."

Madzulo anauza amuna awo. "Bambo a Millie, asanu apita."

A Yakobo anawayang'ana mikono, n'kuwayang'ana khosi. "Ndiye zili bwino. Ine maso angawa ndi okalamba, sindiona kanthu."

Chaka chimenecho ogula nandolo anachuluka pa Nkando, ndipo ankalimbirana alimi pokweza mtengo. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti venda wina akakweza mtengo pa chikwangwani, amabweza pa sikelo. Mayi Eneles ankadziwa zimenezi kuposa ambiri. Koma ankazidziwa za matumba. Sizinawabwerere m'mutu kuti sikelo yoba nandolo ingabenso munthu. Pamene Pilato ankaithina sikelo yake kuti afanane ndi anzake, iwo ankapepuka. Atakweranso anapeza asanu ndi atatu apita. Dzuwa litayamba kutentha kwenikweni, mango atayamba kuoneka pamsika, anapeza khumi ndi awiri.

Sanavine, sanaimbe. Anangomva ngati mpango wa pamimba wamasuka pang'ono. Poti anali atapitirira pamene dokotala ananena, anaona kuti palibe chifukwa chopitirizira kukhumudwitsa anthu. Pa chinkhoswe cha mwana wa Maureen analandira mbale ya mpunga ndi nkhuku, n'kumwa thobwa makapu awiri, mng'ono wawo akuwayang'ana misozi ili m'maso. Supuni ya shuga inabwerera mu tiyi. Zidutswa za mu chiwaya zinasiya kupita kwa nkhuku.

Uthenga utafika kuti madokotala abwera, anamuuza Maureen zoona zake, poti ndiye anayenera kukawadikirira m'wodi. Analongedza zitenje, sopo, kapu, mbale ndi kabeseni m'chikwama chachikulu cha mizeremizere. Anakwera minibasi m'mamawa, osadya kanthu monga anawauzira.

Pakhonde la chipatala panali anthu ambiri, ena atagwira pamimba, ena m'khosi motupa. Namwino ankawaitana mmodzimmodzi kuti akwere pa sikelo yoyera imene inali pakona. Mayi Eneles anavula patapata, n'kukwera.

Namwino anawerenga, n'kuyang'ana m'buku lawo la kuchipatala, n'kuwerenganso.

"Amayi, mwachotsa awiri okha."

"Khumi ndi awiri."

"Awiri, amayi. Onani nokha."

Anaona. Anatsika, n'kuvula mpango wa kumutu ndi juzi, n'kukweranso. Nambala sinasinthe.

"Kodi mumadziyezera kuti?"

"Pa Nkando. Kwa Pilato wogula nandolo."

Bambo wina wachikulire anaphulika kuseka mpaka kugwira chotupa chake. Ena anatsatira. Mayi wina wa chilemba chofiira anati, "Ayi mayi, ndiye akuberani ngati thumbatu!" Ngakhale namwino anabisa pakamwa ndi buku lija, kenaka anazindikira, n'kuwagwira mayi Eneles paphewa.

Dokotala wa opaleshoni sanaseke. Anawayeza magazi, n'kupapasa chotupa, n'kupukusa mutu. Anati angachite ngati matumbo atakanirira, poti pamenepo sipakhala kusankha, koma kuwang'amba lero dala kungakhale kuwaika pangozi. Anati gulu lawo lidzabweranso chaka chamawa. Anawauza kuti chikadzangouma n'kuyamba kupweteka, asadikire kuti kuche, athamange.

"Ndamva," anatero mayi Eneles.

M'minibasi Maureen ankalankhula njira yonse, kutukwana Pilato, amake, ndi mavenda onse a dziko lino. Mayi Eneles anafungata chikwama, akuyang'ana minda ya tiyi ikudutsa pawindo. Ankayesa kufufuza mkwiyo mumtima mwawo monga munthu afufuzira machesi mumdima, osaupeza.

Atatsika pa Nkando, Maureen analunjika pa shedi.

"Iwe Pilato! Wakuba iwe! Achemwali anga abwezedwa opaleshoni chifukwa cha chisikelo chakochi!"

Pilato anasiya kusoka thumba. Pamzere panali alimi atatu okha, poti nyengo inali kutha. Anayandikira, n'kutsitsa mawu.

"Opaleshoni? Masteni, bwanji osanena? Ine ndimayesa mukungosewera."

"Unkadziwa," anatero mayi Eneles. Silinali funso.

"Nanga mumafuna ndinene chiyani pamaso pa alimi? Kuti amayi musakhulupirire, sikeloyi imadya?" Anakanda m'mutu. "Mukanabwera madzulo nditatseka."

Maureen anayambanso kukuwa, alimi aja anaimirira n'kuyamba kumangitsa matumba awo pa njinga. Mayi Eneles sanadikire kuti aone mathero ake. Ananyamula chikwama n'kulowera njira ya kumudzi.

A Yakobo anali pakhonde akukonza wailesi. Ataona akazi awo akubwera ndi miyendo yawo, chikwama pamutu, anaimirira.

"Make Millie, bwanji?"

"Chaka chamawa."

Mayi Eneles analowa m'nyumba, n'kukankhira chikwama pansi pa bedi osamasula. Mitambo inali itayamba kusonkhana paphiri. M'mawa mwake anagona chagada, n'kuika chikhatho pamchombo, n'kukankha. Chinachedwa pang'ono, kenaka chinalowa. Anamanga mpango, anakoleza moto, anakazinga mandasi. Kachidutswa koyamba kotsalira mu chiwaya anakayang'ana kwa kanthawi, n'kuponyera nkhuku.